Esi wa Pakhomo

Ku Winnemucca, Lachitatu usiku, chipale chikugwa panja,
tinalipo asanu ndi awiri patebulo lobiriwira.
Marisol, wogawa makadi, anandiponyera atatu:
awiri chafufumimba, limodzi chagada.
Ndinasuzumira pansi. Firii wakuda ndi seveni wa mtima.
Zinyalala zokhazokha.
Koma pamwamba panakhala esi wa sipedi, wakuda bii,
galu wamkulu wolondera nyumba yopanda kanthu.

Zaka makumi atatu ndakonza mabuleki a malole,
ndipo poka yandiphunzitsa chimodzi:
anthu sathawa chimene uli nacho,
amathawa chimene akuganiza kuti wabisa.
Ndinayang'ana makomo a anzanga, panalibe esi wina.
Ndinakweza.

Vernon Tackett anataya ake akutukwana chamumtima.
Mnyamata wa kumigodi anataya. Enanso atatu, phuu, phuu, phuu.
Ndinali nditayamba kale kutambasula dzanja
pamene Mayi Etcheverry, oweta nkhosa kuseri kwa phiri,
a zala zong'aluka ndi chisanu,
anakankha ndalama zawo osandiyang'ana n'komwe.
Pakhomo pawo panali naini wa mtima basi.

Khadi lachinayi linandipatsa mfumu.
Galu wanga anapeza mnzake wouwa naye.
Iwo analandira mtima wina, kakang'ono.
Ndinabetcha. Anayankha.

Lachisanu ndi pamene mtengo umawirikiza,
pamene wanzeru amafunsa thumba lake
ngati bodzali lili ndi miyendo yofikira kumapeto.
Kunandigwera mfumukazi.
Esi, mfumu, mfumukazi, banja lonse pakhonde litavala zapaukwati,
m'nyumba mulibe ngakhale mchere.
Koma kwa iwo kunagwa mtima wachitatu.
Ndikanayenera kuima pamenepo, ndikudziwa.
Bodza lomwe lakanidwa kawiri limayamba kudya mwini wake.
Ndinabetchabe madola makumi awiri, dzanja lili zii,
mawondo okha akugundana kunsi kwa tebulo.
Anamwa khofi wawo. Anayankha.

Lachisanu ndi chimodzi: kwa ine folo, wopanda mano.
Kwa iwo mtima wachinayi, wofiira psuu.
Tebulo lonse linati chete.
Tsopano galu wouwa anali wawo.

Ndinawerenga, pakuti kuwerenga ndimatha.
Inayi ili pamaso pawo. Inayi ndinaiona ikutayidwa:
kwa Vernon umodzi, kwa wa kumigodi umodzi, iwiri kumapeto uko.
Wachisanu ndi chinayi ndaukhalira ndine.
Yatsala inayi yokha m'dziko lonse lapansi.
Mutu unati: mwina alibe, nawonso akuwuwa chabe.
Mimba inati: lendi ya kalavani ndi Lolemba.

Ndinagogoda tebulo ndi chala.
Iwo anabetcha pang'onopang'ono, ngati akuthira mchere m'khola.
Ndinayang'ana esi wanga. Anali atagona, mchira pakati pa miyendo.
Ndinamutembenuza chafufumimba, ndinamukankhira kwa Marisol.

Akukokera muluwo kwa iwo,
anatembenuza khadi limodzi la pansi, limodzi lokha:
thuu wakuda.
Linzakelo analilowetsa pakati pa otayidwa.
“Bambo Lindqvist,” anatero, “mukanama mumakhala mowongoka kwambiri.
Mukakhala nazo mumawerama.”
Vernon anaseka mpaka kutsokomola.

Panja galimoto inakana kulira kawiri.
Ndinakhala m'menemo, mpweya ukuchita utsi pagalasi,
ndikulitembenuza khadi lija m'mutu.
Ulendo wina limatuluka mtima, ndimadziyamikira.
Ulendo wina limatuluka lakuda,
ndipo esi wanga wopanda kanthu uja anali patsogolo.
Madola makumi asanu ndi limodzi sakundiwawa kwenikweni.
Chikundisowetsa tulo n'chakuti ndinaopsezedwa ndi ndodo yanga yomwe.

Lachitatu likudzali ndipitanso.
Sabata yonse ndakhala pagalasi la kubafa,
ndikuphunzira kuwerama.